Ka amplifaya kathu kanaphulika alendo ali m'ofesi

Achimwene, mwafunsa mu positi yanu ngati ka amplifaya kakang'ono kangakwane m'ofesi: gulani, m'ofesi kamakwana bwinobwino, koma chonde chonde musakapereke kwa munthu wamba kuti akulumikizireni. Ndangowerenga positi yanuyi mtima wagunda, chifukwa zimene ndinaona ine mpaka lero ndikakumbukira fungo lija limabwerera m'mphuno.

Kathu kanali kokhala ndi tchipi chotchedwa TPA3116, tija ta kabokosi kakuda tolowa m'dzanja, Bluetooth ili momwemo. Ofesi yathu ili ku Limbe, chipinda chimodzi, anthu asanu ndi mmodzi. Pakhoma tinapeza masipika awiri amene anasiya anzathu amene ankachita lendi ife tisanalowe, mawaya ake atadutsa kudenga. Ine ndi amene ndinakakamira kwa abwana kuti tigule kanthu kotipatsa nyimbo pang'ono tikamagwira ntchito, ndipo ndalama zake anandipatsa ine m'manja. Tsono poti waya wochokera kudengako ndinaona kuti uli ndi nsonga zitatu m'malo mwa zinayi, ndinati ndisaononge zinthu, ndiitane wodziwa. Ndinakatenga mkulu wina wokonza mawailesi amene anthu ankamutama.

Anabwera ndi kachikwama kake, anayang'ana kamodzi kokha, n'kunena kuti "izi n'zazing'ono bwana." Anatenga waya wakuda umodzi uja n'kuugawa pawiri, uku pa negetivu ya kumanzere, uku pa negetivu ya kumanja, n'kumata tepi. Nyimbo inalira pang'ono, kenako zii. Kuzimitsa, kuyatsanso, kulira pang'ono, zii. Mukakweza voliyumu ndiye kanali kungodula nthawi yomweyo. Iye akuti vuto ndi adaputa, yachepa mphamvu, "ma China awa amakupatsani yofooka dala." Anatenga ndalama yake ya tsikulo n'kulonjeza kubwera ndi ina yamphamvu.

Anabweradi Lachisanu, ndipo Lachisanu lakelo ndi limene tinkatsanzikana ndi mayi athu ena amene ankapuma pantchito atagwira zaka zambirimbiri. Ana awo anabwera, adzukulu anabwera atavala za kutchalitchi, matebulo tinakankhira kukhoma, zakumwa zili m'beseni la madzi oundana. Mayiwo anali atandinong'oneza kale nyimbo ya kwaya imene ankafuna kuti ilire akamalandira mphatso. Mkulu uja anafika mochedwa, thukuta lili kamukamu, atanyamula adaputa ya printer yakale imene anaidula mutu n'kulumikiza wina ndi tepi. Ine ndinaona ndithu kuti pamimba pake palembedwa 32V. Ndinafunsa kuti kodi siyachuluka imeneyi? Anandiyankha pamaso pa anthu kuti "bwana, ntchito yanu ndi ya mapepala, iyi tisiyireni eni ake." Ndinakhala chete.

Nyimbo inayamba bwino, mayi aja anaimirira, abwana atagwira mphatso m'manja onse awiri. Sipanathe mphindi ziwiri, tinangomva kuti phuu! ngati munthu waphulitsa jumbo. Utsi woyera unatuluka m'timabowo ta kabokosiko, tinthu tonga thonje tinamwazika patebulo mpaka pa mbale ya mandasi, ndipo fungo lake linali loipa, ngati usipa wowola wosakaniza ndi pulasitiki wopsa. Kamdzukulu kena kanayamba kulira. Mayi athu anangoima chomwecho manja ali m'malere. Abwana sanandikalipire, anangondiyang'ana, ndipo kuyang'anako kunandiwawa kuposa mawu. Ndinazula pulagi manja akunjenjemera. Potembenuka kuti ndimufunse mmisiri uja, anali akulongedza kale masikuludiraiva ake, akuti katundu wanga ndi amene anali feki ndipo ndimupatse ya thiransipoti. Ya thiransipoti! Mphatso anaipereka m'chipinda muli zii, mawindo onse atatsegula kuti utsi utuluke.

Munthu ameneyo anandidyera masuku pamutu, ndipo chimene chimandipweteka kwambiri si ndalama ayi. Ndi kundinyoza kuja pamene ndinali nditaona choona. Mpaka lero foni yanga sayankha. Anthu oterewa anaphunzira pa ma amplifaya akale aja olemera ngati njerwa, amene negetivu zake zonse zimakumana pamodzi, ndiye akuganiza kuti chilichonse chimayenda motero, ndipo kufunsa safuna.

Ndinadzamvetsa pambuyo pake nditakhala pansi n'kuwerenga pepala la Texas Instruments, amene amapanga tchipi chimenechi. Tima amplifaya timeneti ndi ta mtundu wotchedwa Class D, ndipo pa ambiri a ito waya wofiira ndi wakuda onse amanyamula mphamvu, wakudayo si "earth" ayi. Ukalumikiza akuda awiriwo pamodzi ndiye kuti wachititsa shoti, n'chifukwa chake kanali kudzidula kokha, kanali kudziteteza. Adaputa yoyamba ija inalibe mlandu. Ndipo TPA3116 imagwira ntchito kuyambira 4.5V kulekeza 26V basi. Iye anakathira 32V, ma capacitor (timigolo tosunga mphamvu ya magetsi m'katimo) anatupa n'kuphulika.

Tsono za mawati musavutike nazo mtima. Masipika ang'onoang'ono a pashelefu ambiri amatulutsa cha m'ma 85 mpaka 88 dB (muyeso wa kukula kwa phokoso) ndi wati imodzi yokha mutakhala mita imodzi kuchoka pamene ali, pamene anthu akamacheza bwinobwino ndi cha m'ma 60 dB. Ndiye kuti m'ofesi, mmene mumafunanso kumva foni ikaitana, nthawi zambiri simufika n'komwe pa wati imodziyo. Kuwirikiza mawati kawiri kumangowonjezera 3 dB. Zija amalemba pakatoni kuti 600W PMPO ndi zokopera ogula, funsani RMS, amene ndi mawati enieni amene kamatulutsa mosalekeza. Ngakhale 50W mbali iliyonse imene amatchula pa TPA3116 imafuna 21V ndi masipika a 4 ohm (nambala ya ma ohm imalembedwa kumbuyo kwa sipika). Pa 12V ndi masipika a 8 ohm mupeza mawati osapitirira 9 mbali iliyonse, koma amenewo m'chipinda chathu chija ndi ambiri kale. Ubwino wake wina ndi woti magetsi akathima kamayenda ndi batire ya 12V ya sola, ndipo sikatentha.

Sipika iliyonse ikhale ndi mawaya ake awiri, kuchoka pa amplifaya mpaka kufika, osagawana ndi inzake. Ngati mwapeza waya wa nsonga zitatu ngati wathu uja, usiyeni kudengako, gulani watsopano. Adaputa muwerenge nokha ndi maso anu musanabaye, mavoteji ake komanso ngati positivu ili pakati pa mutu wake. Chaja ya laputopu ya 19V imachita bwino mutu wake ukakwana. Mugulenso surge protector (kachipangizo koteteza zinthu magetsi akabwera mwamphamvu), ndipo magetsi akangothima muzizimitsa pakhoma, chifukwa pobwera ndi pamene amaononga zinthu. Mukamva kulira kwa "mmmm" laputopu ili pachaja, yesani kudzera pa Bluetooth, kawirikawiri kumatha.

Ndinganene kuti musathamangire zotchipa, tengani zodziwika dzina monga Fosi Audio BT20A imene imabwera ndi adaputa yakeyake, kapena za SMSL. Komabe kunena zoona kamene ndinagula kulowa m'malo mwa kophulika kaja, ndi ndalama za m'thumba mwanga, kanali kotchipa kuposa koyambako, kopanda ngakhale dzina, ndipo kakulira mpaka lero. Ndinalumikiza ndekha Loweruka m'mawa ofesi ili pululu. Koma inu ngati simunagwirepo waya chibadwire, pezani ndithu mmisiri, kungoti muime pambali pake ndipo mukaona nambala yokayikitsa mukane, ngakhale akunyozeni. Mwinanso ngati masipika simunagule kale, ingotengani aja okhala ndi amplifaya m'kati momwemo ngati Edifier R1280T, mubaye pakhoma nkhani ithe. Masipika anuwo kumbuyo kwake alemba ma ohm angati? Jambulani muponye pano tione musanapereke ndalama.