Zigamba zikukana kukumana pamakona: yang'anani alawansi ya msoko

Mayi wina wosoka ku Monkey Bay watilembera kalata. Amasoka zofunda za zigamba za chitenje, zija alendo obwera ku Cape Maclear amazitcha quilt, pa makina opalasa a Butterfly. Akuti amadula tizigamba ta mainchesi 2½ mbali zonse, n'kulumikiza 9, titatu m'litali titatu m'lifupi. Chigamba chachikulu chimayenera kutuluka mainchesi 6½, koma chikumatuluka 6¼, china kuposerako pang'ono, ndipo pozilumikiza makona sakukumana. Funso lawo n'lakuti: kodi makinawa atha?

Mayi, makina anu alibe mlandu. Vuto lili pa kansalu kotsala kuseri kwa msoko, kaja atelala amati alawansi. Posoka diresi timasiya masentimita 1.5, ndipo mukaphonya ndi milimita imodzi palibe amene angaone. Pa zigamba muyeso wake ndi kota ya inchi, mamilimita 6.35, ndipo apa milimita ndi nkhani yaikulu chifukwa msoko uliwonse umadya nsalu mbali ziwiri. Mzere wanu wa tizigamba titatu uli ndi misoko iwiri. Ngati wachepa ndi kota ya inchi, ndiye kuti singano ikulowa mkati mopitirira ndi milimita imodzi ndi theka basi. Ikani zigamba zazikulu 8 m'lifupi mwa chofunda, mainchesi awiri apita musanazilumikize n'komwe.

Ambiri amatsatira m'mphepete mwa phazi la makina, kachitsulo kopanikiza nsalu pamene singano ikulowa, poganiza kuti pamenepo ndi pa kota. Mapazi amasiyana, ndipo makina opalasa singano yake siyisunthika kupita kumanja kapena kumanzere monga amachitira makina ena amagetsi. Choncho chizindikiro muyenera kudziikira nokha. Tengani kapepala kolimba kodulidwa mowongoka, jambulani mzere ndi pensulo yosongoka mamilimita 6 kuchokera m'mphepete mwake. Kaikeni pansi pa phazi, zungulizani gudumu ndi dzanja mpaka singano iboole pamzerepo, mutsitse phazi. Tsopano matani tepi yapepala pambale yachitsulo, motsamira m'mphepete mwa kapepalako, kuyambira kutsogolo kwa phazi kubwera kwa inu mainchesi atatu kapena anayi. Musanjikize tepiyo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuti pakhale kakhoma koti nsalu izigunda. Isaphimbe mano okoka nsalu. Kunja kukatentha ngati mmene kumachitira mu Okutobala kuno, guluu wa tepi amafewa n'kuyamba kutsetsereka, ndiye muziyesanso m'mawa uliwonse musanayambe. Kuli kachitsulo ka maginito kogwira ntchito yomweyi, ndipo pa makina achitsulo ngati anuwa kamagwira bwino, koma mukakagunda ndi nsalu yolemera kamasuntha osakuuzani.

Mwina mwaona kuti tati mamilimita 6, osati 6.35. Sitinalakwitse. Mukamatembenuza nsalu posita, ulusi umatenga malo, pomwe nsalu yapindika pamadyanso pang'ono. Ndiye msoko uyenera kuchepera kota ndi ulusi umodzi kapena uwiri kuti kumaso muyeso utuluke wokwanira. Chitenje chokhuthala chimadya kwambiri popindika kuposa nsalu yopyapyala ya malaya, n'chifukwa chake palibe nambala imodzi yokwanira nsalu zonse.

Woweruza weniweni ndi muyeso wa kumaso, osati wa kuseri. Dulani timizere titatu ta nsalu yomwe mukufuna kusokayo, kalikonse kotambalala inchi 1½, kutalika mainchesi 4. Tilumikizeni m'litali, musite, muyeze. Kamzere kapakati kakhale inchi imodzi ndendende, tonse titatu pamodzi mainchesi 3½. Kapakati kakachepa, sunthirani tepi kufupi ndi singano. Kakapitirira, italikitseni. Sunthani pang'ono kwambiri, ngati kukhuthala kwa chikhadabo, mudule timizere tina muyesenso. Musamasule toyamba tija kuti musokenso, m'mphepete mwake mwatanuka kale. Yezani ndi rula yolimba. Tepi ya telala yomwe yakhala pakhosi zaka zambiri imatanuka, ndipo kachitsulo kakumapeto kwake kamabisa pamene muyeso ukuyambira.

Ngati kuwerenga mainchesi kumakusokonezani, gwirani ntchito yonse mu masentimita: alawansi ya 0.75, kutanthauza kuti chigamba chilichonse mumachidula ndi masentimita 1.5 oonjezera pa muyeso womwe mukufuna chikasokedwa. Chachikulu n'kusasakaniza miyeso iwiriyi m'chofunda chimodzi.

Tsono mwanena kuti zigamba zina zikutuluka zazikulupo kuposa zinzake. Apa pali zinthu zingapo. Choyamba ndi kumapeto kwa msoko. Nsalu ikatsala pang'ono kutha, zala zimaisiya, mano n'kuikokera mbali imodzi, msoko n'kupyapyala pakona penipeni pomwe zigamba zimakumana. Sadzulani kansungwi, mukasongole ngati chotokosera m'mano chachikulu, muzigwirira nako nsalu mpaka singano itatuluka. Maso akhale pakakhoma ka tepi, osati pasingano. Ndipo chepetsani kupalasa. Liwiro la posoka mayunifomu silikhala bwino pa chigamba cha mainchesi awiri.

Poyambira napo pamavuta, kona ya nsalu imakonda kumira m'kabowo ka singano. Yambani kusoka pa kansanza kopinda pawiri, kenako mulowetse zigamba zanu motsatizana osadula ulusi, mudzadule zonse mukamaliza. Ulusi sutayikanso.

Singano ikhale nambala 12, kapena 14 ngati chitenje chili chokhuthala. Ya 16 isiyireni majinzi. Ulusi ukhale wopyapyala, wofanana pamwamba ndi m'bobini, chifukwa wokhuthala umadya malo popinda paja. Masiticho akhale a mamilimita awiri, pafupifupi 12 pa inchi imodzi. Akatalika, misoko imayasama kumapeto mukamalumikiza mizere, popeza pa zigamba zing'onozing'ono sitibwereza msoko poyamba ndi pomaliza.

Kusita kumawononga zigamba zambiri kuposa makina. Simbi isamayende uku ndi uku ngati mukusita thalauza. Ikani pamsoko usanatsegulidwe, nyamulani, tsegulani nsalu, yalani ndi chala kumaso kuti pasabisale kampindo, kenako ikaniponso simbi. Kampindo kobisala m'mbali mwa msoko kangathe kuba milimita yathunthu ngakhale munasoka bwino. Mzere woyamba gonekani maalawansi kumanja, wachiwiri kumanzere, wachitatu kumanja. Mukamalumikiza mizere, misoko imalumana yokha, mumaimva ndi chala kuti yakhala, ndiye bayani phini pomwepo. Simbi ya makala ili bwino chifukwa ndi yolemera, bola muyale kansalu koyera pamwamba kuopa phulusa, ndipo muyambe mwayesa pa kansanza: zitenje zina zotchipa zili ndi poliyesitala, zimakwinyika zikamva moto.

Za kudula sitinena zambiri. Chapani chitenje musanadule, chifukwa cha thonje chimafupika pochapa koyamba, ndipo china chimasuluka mtundu. Ngati mumadula ndi sizasi, pateni yomwe mumajambulira pansalu isakhale ya katoni, m'mbali mwake mumatha mukamajambula kambirimbiri. Dulani chigubu cha pulasitiki chosalala, ndipo jambulani ndi pensulo m'malo mwa choko, chomwe mzere wake wokha umakwana mamilimita awiri.

Zigamba za 6¼ zomwe mwasoka kale musazimasule. Sankhani zomwe zikufanana, muzichepetse zonse zikhale muyeso umodzi, musokere mapilo kapena zikwama. Zisakumane m'chofunda chimodzi ndi zatsopano za 6½.