Kwa achimwene a ku Bangula: SSD gulani, koma isakhale yokha

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku koma netiweki imavuta, ndiye ndikuyankha m'mawa uno. Kwa amene simunalione, iwowa akufuna kuchotsa hard disk mu kompyuta ya mu situdiyo n'kuikamo SSD, chosungira mafayilo cha mtundu watsopano chopanda mbale yozungulira, koma wina wawaopseza kuti SSD imatha msanga ukamajambulirapo nyimbo tsiku ndi tsiku. Afunsanso ngati external imodzi, chosungira chakunja cholumikiza pa USB, ikukwanira posungira ntchito za makasitomala. Ine ndimajambula ku Nchalo kuno, makamaka makwaya ndi anyamata angapo a mabiti, ndipo nkhani iyi inandilumapo mpaka ndinachenjera.

SSD gulani, musazengereze. Kompyuta imayaka musanamalize kukoka mpando, FL Studio kapena Cubase imatsegula project ya ma track 40 osatsamwa, komanso m'kati mwake mulibe chozungulira choti maikolofoni n'kutola phokoso lake. Amene analawapo sabwereranso ku hard disk.

Zoti imatha n'zoona, koma munthu wakuopsezaniyo sanachite masamu. M'kati mwa SSD muli tizipinda ting'onoting'ono tosunga mphamvu ya magetsi, ndipo kachipinda kalikonse kamatopa pang'ono kakafufutidwa n'kulembedwanso. N'chifukwa chake opanga amalemba nambala yotchedwa TBW, kutanthauza ma terabyte amene mungalembepo mpaka chitsimikizo chawo kutha. Samsung 870 EVO ya 1TB anailembera 600 TBW, Crucial MX500 ya 1TB anailembera 360 TBW. Tsono tiyeni tiwerenge. Track imodzi ya mono pa 24-bit ndi 48kHz imadya pafupifupi 8.6MB pa miniti, ola lathunthu n'kupitirira pang'ono theka la GB. Kwaya ya maikolofoni 8, mutaijambula maola 4 osapuma, ndi 17GB osakwana n'komwe. Tinene kuti mukulemba 20GB tsiku lililonse, ngakhale Lamulungu ndi pa Khirisimasi pomwe. Kuti mumalize 360TB ija, yomwe ndi 360,000GB, papita masiku 18,000, zaka pafupifupi 50. Pofika pamenepo zidzukulu zidzakhala zikukusekani kuti mabiti anu ndi a makedzana. Mawu ndi opepuka, achimwene. Amene angadandauleko pang'ono ndi anzathu a mavidiyo a 4K, osati ife.

Chimene chimapha SSD pa ntchito ngati yathuyi ndi china. Ili ndi kaubongo kake kotchedwa controller, komwe kamasunga mapu osonyeza kuti chidutswa chilichonse cha fayilo yanu chili mu chipinda chiti. Kaubongoko kakapsa, kapena mapuwo akasokonekera chifukwa magetsi azima ili mkati molemba, nyimbo zimakhala zilimo koma palibe wodziwa njira yokazitengera. Ngakhale makampani akuluakulu zimawachitikira. Mu 2019 kampani ya HPE inachenjeza kuti ma SSD ake ena a m'ma server adzafa akangokwanitsa maola 32,768 akuyaka ngati sasinthidwa firmware. Sikunali kutha kwa tizipinda tija ayi, kunali kulakwika kwa pulogalamu ya m'kati basi, ndipo amene anawayatsa tsiku limodzi akanawaferanso pafupifupi tsiku limodzi.

Apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni. Hard disk nthawi zambiri imayamba yadwala: imachedwa, imalira kuti tcheke tcheke, fayilo imodzi imakana kutseguka, iwe n'kudziwa kuti ndisamutse katundu. SSD kawirikawiri sidwala. Dzulo inali bwinobwino, lero kompyuta ikungoti palibe choti iyakire.

Ine zinandichitikira choncho. Kwaya ya amayi a mpingo wina wa kutsidya, ku East Bank, inabwera kudzajambula nyimbo 10. Anasonkherana ndalama miyezi yambiri, ena anagulitsa nkhuku, anagona masiku awiri pa khonde la situdiyo. Ndili mkati mopanga mix ya nyimbo yachisanu ndi chiwiri magetsi anaphethira kawiri n'kuzima. Desktop yanga inalibe UPS, kabokosi ka batire kogwirizira kompyuta magetsi akazima. Atayaka, SSD sinaonekenso ngakhale mu BIOS, pulogalamu imene imayamba kuyaka Windows isanatseguke. Ndinakwera nayo ku Blantyre, mmisiri amene ndinamupeza anaitembenuza uku ndi uku n'kundiuza mosabisa kuti ikanakhala hard disk akanayeserako, koma iyi ayi. Amayi aja ndinawajambulanso ulere, thiransipoti ndi ndiwo zonse za m'thumba mwanga. Zimenezo zinapita, ndalama imabwera ina. Chimene chimandiwawabe ndi chakuti pa SSD yomweyo panali maola atatu a agogo ena a ku Nsanje akuimba ulimba, amene ndinawajambula pansi pa mtengo kwawo komweko. Pamene ndinkati ndibwerereko n'kuti atatisiya. Kasitomala wamoyo mungamupepese, koma mawu a munthu amene wapita simungawaitanenso.

Dziwaninso ichi: pa SSD, fayilo mukaifufuta n'kukhuthula Recycle Bin, Windows imauza SSD kudzera mu lamulo lotchedwa TRIM kuti malowo asesedwe. Pa hard disk mapulogalamu obwezeretsa mafayilo amatha kukupulumutsani, pa SSD nthawi zambiri amabwerako chimanjamanja.

Kenako pali kutentha, komwe a ku Dedza ndi ku Mzuzu m'gulu muno sakudziwa. Mphamvu ya m'tizipinda tija imadontha pang'onopang'ono SSD ikakhala osalumikizidwa ku magetsi, ndipo kukamatentha imadontha msanga. Muyezo wa bungwe la JEDEC umati SSD ya anthu wamba imene yafika kumapeto kwa TBW yake iyenera kusungabe zinthu chaka chimodzi yozimitsa pa 30°C. Yatsopano imapirira kuposa pamenepo, musachite mantha. Koma 30°C kwathu kuno ndi tsiku lozizira. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu, ku Nchalo ndi kwanu ku Bangula timadutsa 40, ndiye onjezani malata opanda siling'i. Choncho SSD ndi yogwirira ntchito tsiku ndi tsiku, si yoti muikemo zimbale zonse za zaka zisanu n'kuitsekera mu sutikesi. Pogwira ntchito, ma SSD ambiri anapangidwa kuti apirire mpaka cha m'ma 70°C, ndipo a mtundu wothamanga kwambiri wotchedwa NVMe akafika kumeneko amadzichepetsa liwiro okha, mumangoona project ikukwawa masana. Ikani kompyuta pamwamba, osati pansi pafumbi, ndipo muziipemerera fumbi m'mafani mwezi uliwonse nthawi ya chilimwe.

Tsopano funso lanu lachiwiri, lomwe kwa ine ndiye lalikulu. External imodzi sikukwanira, makamaka ngati mukutanthauza zimene ambiri amachita, kusamutsira ma project akale pa external n'kuwafufuta pa kompyuta kuti malo apezeke. Imeneyo si backup, mwangosamutsa katundu kuchoka m'nyumba ina kupita m'nyumba ina, akadali mmodzi yemweyo. Akatswiri ali ndi lamulo lawo loti 3-2-1: chilichonse chikhale patatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo chimodzi chikhale kutali ndi zinazo. Ife a m'chigwa sitifunika mzungu kuti atiphunzitse zimenezi. Makolo athu ankalima kumphala komanso kudimba, kuti chilala chikawotcha kumtunda adye za kudimba, madzi akakokolola kudimba adye za kumphala.

Mbali yoti chimodzi chikhale kutali ndi imene anzathu akumtunda amaitenga mopepuka, koma ife tisayerekeze. Madzi anatisesa mu Januwale 2015, anabweranso mu Malichi 2019. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la pa Kapichira mpaka dziko lonse linataya magetsi pafupifupi 130MW kwa nthawi yoposa chaka, kenako Freddy mu Malichi 2023. Inu a ku Bangula mukudziwa kuposa ine mmene Shire ndi Ruo amachitira akakumana atakwiya. External imene ili pa tebulo limodzi ndi kompyuta imamira limodzi ndi kompyuta. Wakuba akathyola chitseko amanyamula zonse ziwiri. Mphezi ikadutsa m'mawaya ili yolumikiza zimapsera limodzi.

Mmene ndimachitira ine ndi motere, mutengepo zimene mungakwanitse. Ntchito imene ili pamoto imakhala pa SSD. Ndili ndi ma external awiri a hard disk wamba, poti pa ndalama yomweyo hard disk imakupatsa malo ochuluka kwambiri kuposa SSD. Madzulo aliwonse kasitomala akangotuluka ndimalumikiza yoyamba, ndimakopera, ndimaichotsa bwinobwino ndi Safely Remove, n'kuiika mu jumbo ndi mu chibigiri chotseka chomwe chimakhala pamwamba pa kabati. Yachiwiri imakhala kwa achemwali anga ku Blantyre, ndipo ndikamakwera kukagula zinthu ndimasinthanitsa: ya kuno imatsala uko, ya uko imatsika. Kuyambira Disembala mpaka Malichi sindilola kuti mwezi uthe ndisanasinthe. Inu ngati mulibe mbale ku Blantyre, pezani aliyense wokhulupirika amene nyumba yake ili pokwera, pamene madzi sanafikepo. Kungoti hard disk imadana ndi kugwa komanso kugwedezeka ikuzungulira, ndiye pa kabaza kapena mu minibasi ikulungeni m'chovala, ikhale m'chikwama cha pamsana osati pa keriyala, ndipo musaisunthe ikugwira ntchito.

Pokopera ndimagwiritsa ntchito FreeFileSync, ndi yaulere, imaona yokha mafayilo atsopano ndi amene asintha. Samalani pamodzi pokha: mukasankha Mirror, chimene mwafufuta pa kompyuta chimafufutikanso pa external. Ine ndimasankha Update.

Za pa intaneti zimathandiza koma bandulo ndi imene imatilepheretsa. Google Drive imapereka 15GB yaulere, yomwe mumagawana ndi Gmail ndi zithunzi zanu. Musalimbane n'kukweza zonse. Kwezani zimene sizingapangidwenso: mawu a woimba osakhudzidwa, zida zimene zinaimbidwa ndi manja, fayilo ya project, ndi master yomaliza. Ma sample pack ndi ma plugin mungawapezenso. Mukasandutsa WAV kukhala FLAC imachepa pafupifupi ndi theka popanda kutaya kalikonse, koma MP3 musaiyese backup, poti zimene yadula sizibwerera. Ndipo nyimbo imene munatumizira kasitomala pa WhatsApp musaiwerengere kuti yasungika.

Pali msampha wina umene wagwetsa anyamata ambiri a FL Studio. Fayilo ya .flp ilibe mawu m'kati, imangoloza pamene ma sample ndi mawu ojambulidwa ali. Mukakopera .flp yokha, tsiku la tsoka mudzatsegula n'kupeza mndandanda wa zosowa. Pitani pa Export musankhe Zipped loop package, imamanga zonse mtolo umodzi. Ku Cubase kuli Back up Project, ku Ableton kuli Collect All and Save. Nyimbo ikatha tulutsaninso ma stem a WAV, track iliyonse payokha kuyambira pa chiyambi, chifukwa zaka zitatu zikubwerazi plugin imene munagwiritsa ntchito mwina sidzatsegukanso, pomwe kasitomala adzabwera akufuna instrumental yokaimbira pa ukwati.

Flashi za makasitomala nazo muzizitenga ngati mlendo wa chimfine. Zimayenda m'malo ambiri otsitsira nyimbo ndi mafilimu, zimabwera ndi kachilombo kaja kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Flashi ya munthu isalowe pamene external ya backup ili yolumikiza.

UPS gulani musanagule maikolofoni ina. Sikuti ikuyendetsereni situdiyo ayi, ntchito yake ndi kukupatsani maminiti ochepa oti musunge project n'kuzimitsa mwaulemu. Ngati muli pa laputopu ya batire lamoyo ndiye muli nayo kale. Ya batire lakufa ndi desktop yopanda UPS basi. Pa jenereta, dikirani ikhazikike kaye musanayatse kompyuta.

Pogula SSD kumbukirani za chikomekome cha mkuyu. Pali zabodza zambiri zolembedwa 2TB pa mtengo wa flashi, m'kati muli kakhadi kakang'ono konamiza kompyuta. Mukadutsa malire ake enieni mafayilo amaoneka kuti alipo koma akatsegulidwa ndi mphepo. Musanaikepo nyimbo ngakhale imodzi iyeseni ndi H2testw, imene imadzaza malo onse n'kuwerenganso. Ikani CrystalDiskInfo, imakuonetsani kutentha, maola amene yayaka ndi kuchuluka kwa zimene zalembedwapo, ndiye wogulitsa akati ndi yatsopano pomwe yayenda maola masauzande mumugwira pompo. Musaidzaze mpaka pakamwa, muzisiya gawo limodzi mwa magawo asanu. Chitsimikizo cha zaka zisanu chisakugonetseni tulo, amakubwezerani SSD ina yopanda kanthu, osati nyimbo za amayi a kwaya.

Mwezi uliwonse tengani project imodzi yakale pa external, muitsegule kuchokera pomwepo, muimvere mpaka kumapeto. Ine ndinapezapo foda ina imene ndinkaiyesa yodzaza, koma munali ma .flp okhaokha, mwamwayi zenizenizo zinali zikadali pa kompyuta.

Hard disk imene mukuchotsayo musaigulitse. Ioneni ndi CrystalDiskInfo, ikalemba Good igulireni kabokosi ka USB, ikhale external yanu yachiwiri. Ndipo musanatume munthu ku Limbe, lembani pansipa dzina ndi nambala ya kompyuta yanuyo tione ngati imalandira SATA ya mainchesi 2.5 kapena M.2, poti pali M.2 ya SATA ndi M.2 ya NVMe, zimafanana pamaso koma si kompyuta iliyonse imalola zonse ziwiri.