Kodi "yo" amasowera kuti? Yankho kwa mayi amene wayamba kumene Chisipanishi

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wayamba kuphunzira Chisipanishi pafoni. Funso lawo mwachidule ndi ili: "Phunziro loyamba linati 'ine' ndi yo. Koma ziganizo zambiri zimene ndikukumana nazo zilibe yo, zangoti hablo español basi. Kodi akulakwitsa? Nanga n'chifukwa chiyani munthu amene ndikuyankhula naye ali ndi mawu anayi: tú, usted, vosotros ndi ustedes? Zandizunguza mutu."

Mayi, zikomo polemba. Sakulakwitsa ayi, ndipo chimene chakuzunguzanicho inu mumachidziwa kale kuyambira muli mwana. Vuto ndi loti maphunziro ambiri a pafoni amadzera m'Chingerezi, chiyankhulo chimene mneni wake sayenda popanda mlowam'malo. Chichewa sichitero. Mukati "ndimayankhula Chichewa", mawu oti "ine" mulibemo, koma palibe amene angafunse kuti akuyankhulayo ndani. Ka "ndi" kakumayambiriroko kanena kale.

Chisipanishi chimachita chimodzimodzi, kungoti chizindikirocho chimakhala kumapeto kwa mneni. Titenge hablar, kutanthauza kuyankhula. Hablo ndi ndimayankhula, hablas ndi umayankhula, habla ndi amayankhula (munthu mmodzi), hablamos ndi timayankhula, habláis ndi mumayankhula, ndipo hablan ndi amayankhula (anthu ambiri). Pamene ife timaika ndi-, u-, ti-, iwo amaika -o, -as, -amos. Ndiye yo sanasowe, wabisala mu -o uja.

Nanga yo amatchulidwa liti? Nthawi yomweyo imene inu mumatchula "ine". Mayi akatopa ndi mwana waulesi amati: "Ine ndikugwira ntchito, iwe ukugona." M'Chisipanishi ndi yo trabajo y tú duermes. Apa alowam'malo akufunika chifukwa tikusiyanitsa anthu awiri. Wina akagogoda pakhomo inu n'kufunsa kuti ¿quién es?, amayankha kuti soy yo, "ndine". Koma mukayamba chiganizo chilichonse ndi yo, yo, yo, mumveka ngati munthu wongoti ine, ine, ine pamsonkhano. Mawuwo ndi olondola, koma makutu a eni chiyankhulo amatopa nawo. Ine ndimaona kuti ndi bwino kuzolowera kumusiya yo kuyambira sabata yoyamba, chizolowezi cholakwikacho chisanakhazikike.

Malo ena amene mlowam'malo amathandiza ndi pamene mneni payekha sakumveketsa bwino. Habla angakhale mwamuna, mkazi, kapena inuyo amene ndikukulemekezani. Ngati nkhani sinaonetse kuti ndani, mumaonjezera él, ella kapena usted.

Tsopano za mawu anayi aja. Apa Chichewa chikuthandizaninso kuposa Chingerezi, chifukwa kusiyana kwa "iwe" ndi "inu" simufunika kuphunzitsidwa. Tú ndi iwe. Usted ndi inu waulemu, wouza munthu mmodzi. Chimene ife tinaphatikiza iwo anachigawa: "inu" wathu amagwira ntchito kwa agogo ali okha komanso kwa gulu la ana, pamene iwo ali ndi usted wa munthu mmodzi ndi ustedes wa anthu ambiri.

Usted ali ndi khalidwe limene limadabwitsa ophunzira ambiri: mneni wake ndi wofanana ndi wa él ndi ella. Timati usted habla, osati usted hablas. Chifukwa chake chili m'mbiri ya mawuwa. Anachokera ku vuestra merced, mawu aulemu akale otanthauza "chifundo chanu", ndipo anafupika pang'onopang'ono mpaka kukhala usted. Munthu wolemekezeka sankalozedwa mwachindunji, ankanenedwa ngati wina wapambali. Ifenso timatero: wogulitsa m'sitolo amatha kufunsa kuti "abwana afuna chiyani?" akuyang'ana abwanawo pamaso. Polemba, usted amafupikitsidwa kukhala Ud. ndipo ustedes kukhala Uds.

Koma musatengere malire a ulemu wa kwathu kuwaika kumeneko. Ku Spain ana amati tú kwa makolo awo, ngakhale kwa agogo, ndipo ophunzira ambiri amateronso kwa aphunzitsi. Kwa ife zimaoneka ngati mwano, koma kwa iwo n'chizindikiro choti mumagwirizana. Pamene kumadera ena a Colombia ndi ku Costa Rica, usted amamveka ngakhale pakati pa anthu a banja limodzi. Malangizo anga: kwa munthu wamkulu kapena wachilendo yambani ndi usted. Akafuna akuuzani okha kuti puedes tutearme, kutanthauza kuti mukhoza kunditchula tú.

Vosotros asakusowetseni tulo. Ndi "inu" wouza gulu la anzanu, ndipo amamveka makamaka ku Spain. Ku Mexico, dziko limene lili ndi oyankhula Chisipanishi ambiri kuposa lina lililonse, komanso ku Latin America konse, gulu lililonse ndi ustedes, kaya ndi ana kaya ndi akuluakulu. Ngakhale ku Canary Islands, komwe ndi gawo la Spain, ambiri amati ustedes. Mudziweni vosotros kuti mukamumva mumuzindikire, koma ngati simukupita ku Madrid, mphamvu zanu ziyambe zapita kwina. Palinso vos wa ku Argentina ndi Uruguay, amene amalowa m'malo mwa tú: vos hablás (umayankhula), vos sos (ndiwe). Ameneyo adikire kaye.

Pamene ife a Chichewa timapunthwadi ndi pa amuna ndi akazi, chifukwa "iye" wathu sasankha. Iwo ali ndi él wa mwamuna ndi ella wa mkazi, ndipo sizithera pamenepo. "Ife" ndi nosotros, koma inu mayi mukakhala ndi amayi anzanu okhaokha, mumati nosotras. "Iwo" ndi ellos, koma akazi okhaokha ndi ellas. Mukalowa mwamuna mmodzi m'gulumo, lamulo la galamala limabwezera ku nosotros ndi ellos. Apa pokha palibe chidule, m'pofunika kuloweza ndi kuyeserera mokweza mawu.

Polemba samalani kakadontho kopendekera kapamwamba. Tú ndi iwe, koma tu ndi "yako", monga tu casa, nyumba yako. Él ndi iye, koma el ndi kamawu kotsogolera dzina, monga el libro, buku. Pakamwa kusiyana kwake n'kochepa, koma papepala tanthauzo limasintha.

Poyeserera, tengani kope mulembe mneni mmodzi, monga trabajar kapena comprar, ndipo pambali pa mawu aliwonse muike Chichewa chake, osati Chingerezi: compro, ndimagula; compras, umagula; compramos, timagula. Aneni othera ndi -ar ngati amenewa akakhazikika m'mutu, mupite ku comer (kudya) ndi vivir (kukhala), amene mathero awo amasintha pang'ono.