Funsani Azakhali: matimati, nkhwani ndi therere la dzinja lino

Mvula yakhazikika tsopano ndipo mafunso a mwezi uno pafupifupi onse ndi a ndiwo za kuseri kwa nyumba, nde ndasankhapo asanu ndi limodzi. Amene munafunsa za nkhuku pepani mudikire kaye mwezi wamawa.

Funso: Azakhali, ine ndinaokera matimati mitengo 40 kuseri kwa nyumba kumayambiriro kwa Disembala, anakula bwino zedi mpaka aneba amachita kusuzumira pa mpanda, nde mvula itangolimbikira sabata ziwiri zija masamba ayamba kuda ngati wina wawathira madzi otentha, zipatso nazo zikuchita mabanga a bulauni zisanapse nkomwe. Mayi akunyumba akuti pali dzanja la munthu. Nditani? Bambo wa ku Chilomoni, Blantyre

Yankho: Bambo, auzeni mayiwo mtima ukhale pansi, aneba asiyeni alibe mlandu. Chimenecho ndi chiwawu. Mawa mulawire mmamawa mame asanaume mukatembenuze tsamba limodzi lodwalalo, kunsi kwake m'mbali mwa bangalo muona tinthu toyera ngati ufa wonyowa, ndiye nthendayo imeneyo. Imakonda masamba akakhala onyowa nthawi yaitali kunja kuli kachisanu, ndipo imayenda ndi mphepo komanso madontho a mvula, nchifukwa chake mumagona matimati ali bwinobwino kudzuka ngati kwadutsa moto. Si inu nokha ayi, olo alimi enieni a ku Ntcheu amene amadzazitsa msika wa Lizulu nawo amalimbana nacho chaka ndi chaka, nchifukwa chake ikafika Febuluwale kamulu ka matimati anayi kamakwera mtengo mpaka munthu kuphika ndiwo ndi theka la tomato.

Tsono chochita. Mitengo imene yapseratu zulani basi musaimvere chisoni, mukaitenthe kapena kuikwirira kutali, osaiponya pa dzenje la manyowa. Yotsalayo thothani masamba onse am'munsi okhudza dothi, zikani timitengo muimangirire iime chilili mphepo izidutsa, pansi muphimbire ndi udzu wouma kuti mvula ikamagwa matope asamathovukire m'masamba. Ndipo musamagwiregwire mitengoyo ili yonyowa, manja anu omwewo ndi amene amasamutsa nthendayo. Mankhwala alipo, ambiri amagula Dithane kapena a kopa aja, koma dziwani kuti amenewo ndi otchinjiriza chabe, tsamba lopsa kale silibwerera, komanso mvula yamphamvu ikagwa amasukuluka. Muwerenge pa pepala lake muyezo komanso masiku oyenera kudikira musanathyole, zomangopopera lero mawa kuika mu poto zija ayi.

Koma ndikuuzeni zoona, mitengo 40 m'dzinja pa kabwalo ka m'tauni mwachita kudzipatsa ntchito. Ine matimati ndimalima chilimwe, kuthirira ndi kheni pansi pa tsinde, dzinja ndimangosiya mitengo isanu pansi pa kadenga ka pulasitiki basi, motalikirana masentimita ngati 60. Malo otsalawo ndimapereka kwa ndiwo zimene zimakondwa ndi mvula. Chaka chamawa malo omwewo musabzalenso matimati, mbatata ya kachewere, tsabola kapena mabiringanya, zonsezi ndi zapachibale ndipo matenda ambiri zimapatsirana. Timatimati ting'onoting'ono tongodzimerera pa dzala tija musamatizule, kawirikawiri timapirira kuposa mbewu za m'paketi.

Funso: Zikomo Azakhali. Nkhwani wanga wayanga bwalo lonse, maluwa mbwee, koma dzungu olo limodzi. Tina timayamba kenako timachita chikasu nkugwa. Ndalakwitsa pati? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho: Achemwali ndiyambe ndi kukufunsani, mumathyola kangati pa sabata? Chifukwa ife timafuna zonse, nkhwani Lolemba, nkhwani Lachitatu, Loweruka tathyolanso nsonga zonse zanthete pamodzi ndi chiluwe chomwe, kenako tikudabwa kuti maungu ali kuti. Dzungu limakula ndi chakudya chopangidwa m'masamba omwewo. Gawani mapando, ena akhale a ndiwo muzithyola mmene mungafunire, ena awiri kapena atatu asiyeni ndi a maungu.

China, maluwa a dzungu alipo aamuna ndi aakazi pa mtengo umodzi womwewo. Lalikazi mulizindikira chifukwa kunsi kwake kumakhala kale kadzungu kakang'ono ngati mpira wa mabo, lalimuna limangokhala pa kaphesi kowonda. Oyamba kutuluka amakhala aamuna ambiri, nde musathamangire kudandaula. Amene amanyamula ufa wachikasu uja kuchoka ku lalimuna kupita ku lalikazi ndi njuchi, ndipo duwalo limatseguka mmawa umodzi wokha basi. Kukacha ndi mvula njuchi osayenda, kapena ngati mumapopera mankhwala pafupi, kadzunguko kamangofota nkugwa. Mukhoza kuigwira nokha ntchito ya njuchiyo, cha m'ma 6 kapena 7 koloko mmawa thyolani lalimuna, chotsani masamba a duwalo mutsale ndi kamtima kaufa kaja, mukakhudzitse pakati pa duwa lalikazi. Ana anga ankandiseka kuti amayi ayamba unkhoswe wa maungu koma phala la maungu ankadya nawo.

Ngati kadzungu kogwako mukakang'amba mukupezamo timphutsi, imeneyo ndi ntchentche ya zipatso imaboola khungu nkuikira mazira. Tolani tonse takugwa mukwirire mozama, tatsopanoto muzitivindikira ndi kapepala kapena kansalu mpaka khungu likhwime. Urea wambirinso amangonenepetsa masamba.

Funso: Aza, ndangolowa m'banja chaka chino ndipo tikukhala ndi apongozi aakazi. Iwo ndiwo zamasamba zilizonse amathira soda, nkhwani soda, therere soda, mpaka mpiru. Ine kusukulu tinaphunzira kuti soda amapha mavitamini koma ndikaphika popanda soda amangolawa kamodzi nkukankha mbale ati zolimba. Sindikufuna kukangana nawo. Mtsikana wa ku Mponela

Yankho: Mwana wanga, nonse awiri mukunena zoona. Soda amafewetsadi ndiwo msanga komanso zimaoneka zobiriwira bwino, koma amawononga vitamini C ndi ena a gulu la B, makamaka akachuluka ndiwozo nkukhalitsanso pamoto mpaka kusanduka phala. Koma usakayambe ndi za kusukuluzo pamaso pa apongozi, udzangoputa mulandu wa ankhoswe. Nkhondoyi umaipambanira kumunda ndi pa lichero.

Nkhwani amalimba chifukwa cha zinthu ziwiri, kuthyola masamba okalamba ndi ulesi posadzula. Thyola masamba anthete, atatu oyambirira kuchokera kunsonga, mmawa dzuwa lisanawawombe. Posadzula uthyole kaphesi kumapeto nkukoka ulusi uja pang'onopang'ono mpaka utsike ndi mitsempha ya tsamba, uzungulire phesi lonse mpaka lisalale osabayanso chala. Tsuka usanadule, osati kudula kaye kenako nkumafinya m'madzi ngati ukuchapa malaya. Madzi akhale ochepa, kapu imodzi ikwana pa poto wapakati, awire kaye ndi mchere, ndiye uikemo nkhwaniyo ndi kuvindikira. Pakatha mphindi ngati zisanu tembenuza, ika tomato pamwamba, kenako nsinjiro uwaze pamwamba osatakasa msanga, vindikira zipse ndi nthunzi, ndiye utakase ndi mthiko uchepetse moto zizibwata pang'onopang'ono mphindi zina zisanu kapena kuposerapo mpaka fungo la mtedza wauwisi lithe. Nkhwani wotere safuna soda, ndipo ukaponyamo tiwiri ta chiluwe ndi timaungu tanthete todula apongoziwo adzapempha okha ntanda wina. Nsinjirozo sikukoma kokha ayi, mafuta a mtedza amathandiza thupi kutenga vitamini A wa m'masambamo. Bola mtedza wake usankhe bwino, wachuku ndi wofota utaye, osamati tisinja zibisala.

Therere ndiye nkhani ina, pamenepo agonjere. Therere lopanda chidulo kapena soda sililenda bwino ndipo ine ndemwe sindingadye. Kungoti muyezo, kansonga ka sipuni yaing'ono kakwana, likafika pomawawa kukhosi kapena kusanduka lakuda ndiye kuti wachulutsa. Ulidule mopyapyala, madzi awire ndi sodayo, ika therere ndi tomato, uzipalasa thovu lisasefukire, mphindi zosakwana khumi latha. Ndipo bwanji uwapemphe akuphunzitse kucheza chidulo? Amatentha zitsononkho kapena makoko a nthochi ouma, phulusalo kuika m'kachitini koboola pansi, kuthira madzi nkumadontha pang'onopang'ono m'mbale. Chidulo nacho chimagwira ntchito ngati soda yemweyo usanamizidwe kuti ndiye mavitamini apulumuka, koma kakomedwe kake nkosiyana, ndipo mayi wamkulu ukamufunsa nzeru zake mtima umafewa kuposa nkhwani.

Funso: Ndimakhala nyumba ya lendi, bwalo lonse ndi simenti ndipo alandilodi safuna zokumba. Ndiwo zakwera mtengo, pali chimene ndingadzale? Mnyamata wa ku Ndirande

Yankho: Chilipo achimwene, matumba. Pezani matumba akale a feteleza kapena a ufa, mutsuke, muboole timabowo pansi madzi azituluka, mudzaze dothi losakaniza ndi manyowa owolerana bwino, magawo awiri dothi gawo limodzi manyowa. Zitosi za nkhuku zaziwisi ayi zimatentha mbewu. Yambani ndi bonongwe, njere zake ndi zazing'ono kwambiri nde musakanize ndi mchenga pofesa, osakwirira mozama, pakatha sabata zitatu kapena zinayi mwayamba kudya zopatulira. Otsalawo muzingodula nsonga amaphukanso, akayamba maluwa siyani mtengo umodzi ukhale wa mbewu. Thumba lina ikani luni, lina chitambe, lina kholowa amene amangofuna kubzala mphukira basi. Therere mitengo iwiri pa thumba, njere zake muziviike m'madzi usiku umodzi, pakatha miyezi iwiri layamba kubereka ndipo muzithyola pakapita masiku awiri aliwonse lisanakhwime. Repu ndi tchainizi dikirani mvula ithe cha mu Epulo, pano nsabwe ndi mbozi zikutopetsani. Matumbawo muike pa njerwa pamalo pofika dzuwa theka la tsiku, asadetse simenti ya eni ake. Nkhuku za aneba zokha ndiye ndilibe nazo mankhwala, tchingani ndi minga kapena kaukonde.

Funso: Azakhali moni kuchokera kuno ku Leeds. Ndatopa ndi sipinachi wa m'shopu, ndikulota nkhwani wotendera. Zingamere kuno? Mayi wa ana awiri, UK

Yankho: Zimamera mayi, kungoti kalendala yanu ndi yotembenuza. Ife tikamakolola inu ndi pamene mukuyamba. Dzungu limafa ndi chisanu choundana chija, nde fesani m'timiphika m'nyumba pa windo mu Epulo, mutulutse panja kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, muzidya kuyambira Julayi mpaka Seputembala. Mbewu gulani komweko musavutike ndi zonyamula pa ndege, dzungu lililonse lodyedwa masamba ake ndi ndiwo, kungoti mitundu ina ili ndi minga yambiri nde musadzule mofatsa. Bonongwe mukamufunsa ndi dzina loti callaloo kapena amaranth mumupeza, anzathu a ku Jamaica amadya yemweyo. Therere lokha ndilovuta limafuna kutentha kwenikweni, popanda kanyumba kagalasi mungotaya nthawi, kaguleni m'mashopu a amwenye. Mdani wanu wamkulu kumeneko ndi nkhono zopanda chigoba zija, zimatha mbande yonse usiku umodzi, muzituluka ndi tochi madzulo nkumazitola. Nsinjiro zikasowa chiponde cha m'botolo chosathira shuga chimagwira ntchito, muchisungunule kaye ndi madzi ofunda.

Funso: Ndiwo zachuluka moti tikulephera kumaliza, ndinayesa kufutsa koma zinachita nkhungu. Agogo a ku Thyolo

Yankho: Agogo inu ndi amene mukanatiphunzitsa ife, koma vuto ndi nyengo, kwanuko Januwale mpweya umakhala wonyowa nde masamba sauma msanga. Pano muzigawira aneba kaye kapena kagulitseni pa msika wa Bvumbwe, kufutsa kwenikweni muyambe kumapeto kwa Malichi mpaka Epulo chitambe ndi khwanya zikadali zanthete. Muziwiritse pang'ono chabe m'madzi a mchere, mphindi ziwiri kapena zitatu, tsanulani, yanikani mopyapyala pa mphasa yoyera pa thandala osati pansi pamene nkhuku ndi fumbi zikudutsa. Pamthunzi podutsa mphepo mfutso umakhala wobiriwira kuposa wa padzuwa lamphamvu. Ukamathetheka mukaufinya m'manja ndiye wauma, sungani m'chikwatu ngati masamba a msuku mukuwapeza, apo ayi m'ndowa yotseka bwino. Umene wachita nkhunguwo tayani, musapatse olo ana.

Amene munafunsa za chigwada osalemba dzina lanu uja, inde masamba a chinangwa chowawa amadyedwa, koma musinje bwinobwino mu mtondo ndipo awire nthawi yaitali poto ali wosavindikira, chimenecho chokha si ndiwo yophika mothamanga.