Kwa achemwali amene mwafunsa za mtima wolemera zaka zitatu

Achemwali, mwati zaka zitatu tsopano mumadzuka mtima uli wolemera, palibe chokukomerani, komabe kuntchito mumapita ndipo ana mumawaphikira. Ndiye mukufunsa ngati n'chibadwa chanu basi, kapena ndi chinthu choti chidzakupwetekani m'tsogolo. Ndikuyankheni, poti zimenezi ndinaziona pa mkulu wanga.

Munthu wamkulu akakhala chonchi masiku ambiri kwa zaka 2 kapena kuposerapo, achipatala amati ndi matenda, dzina lake dysthymia. Choopsa chake n'chakuti sagoneka munthu pamphasa, ndiye palibe amene amakudera nkhawa. Mkulu wanga ankagulitsa zitenje mumsika wa Limbe. M'mawa uliwonse ankakwera minibasi kuchokera ku Bangwe osajomba, koma madzulo nsima ankangotema kawiri n'kukankha mbale, usiku wonse n'kumangotembenuka. Ife tinkati ndi wosachezeka, mpaka lero zimandiwawa. Bambo athu atamwalira m'pamene anagweratu, miyezi iwiri osatuluka m'chipinda. Ambiri zimawathera choncho, matenda akulu a maganizo amabwera pamwamba pa aang'onowa.

Thupi nalonso limalowamo. Anthu okhumudwa nthawi yaitali amagwidwa kawirikawiri ndi matenda a mtima ndi shuga kuposa anzawo. Ena amayamba mowa kuti apeze tulo. Amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a BP amayamba kudumphitsa, osati mwadala, mphamvu yodzisamalira ndiyo imakhala yatha.

Musadikire kuti zifike poipa. Pitani kuchipatala cha m'dera lanu, mukafotokoze zonse ndi zaka zake zomwe, osangoti mutu ukupweteka. Apempheni ayeze magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro zimafoolanso munthu chimodzimodzi. Ku Queens kuli kiliniki ya matenda a maganizo, simukuyenera kukafika ku Zomba ayi. Mankhwala ngati fluoxetine ndi amitriptyline alipo, koma amatenga masabata angapo kuti muyambe kumva kusintha, ndipo musawasiye panokha mukangoona kuti mwapepukidwa. Uphungu umathandizanso kwambiri. Kupemphera pitirizani, mkulu wanga ankachita zonse ziwiri.

Koma ngati maganizo odzipha amakubwererani, ngakhale mwa apo ndi apo, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala lero lomwelo.