Mota ya chigayo yapsa kachitatu, kodi ndigule ina?

Akulu, mwati mota ya chigayo chanu yapsa katatu chaka chino, mwawayinditsa katatu konseko, mwachotsanso anyamata awiri, ndiye mukufunsa ngati ndi bwino kungogula yatsopano. Ine ndikuti ndalamazo zisungeni kaye. Mota sipsa yokha. Chilipo chimene chikuiwotcha, ndipo mukapanda kuchipeza, yatsopanoyo idzapsanso.

Ku kampani ya Toyota ku Japan kunali mkulu wa fakitale dzina lake Taiichi Ohno, amene ankaphunzitsa antchito kufunsa kuti "chifukwa chiyani?" kasanu motsatizana asanakonze chinthu. Chitsanzo chake chodziwika ndi cha makina amene anangoima. Anaima chifukwa fyuzi inapsa. Fyuzi inapsa chifukwa makina analemedwa, poti beyaringi inalibe oyilo wokwanira. Oyiloyo sankafika chifukwa pampu sinkapopa bwino, shafti yake inali itatha, ndipo inatha chifukwa panalibe sefa yotchinga tizitsulo kuti tisalowe. Wongosintha fyuzi akanabweranso pakatha miyezi ingapo. Nambala ya kasanuyo si lamulo ayi, pena gwero limapezeka pa funso lachitatu, pena lachisanu ndi chiwiri.

Pachigayo chanu yambirani kwa amene amawayinda. Muwauze akuonetseni mkati mwa mota asanachotse waya wopsayo. Ngati waya yense wada mofanana mbali zonse, mota inkalemedwa kwa nthawi yaitali. Ngati mbali ina yapsa koma ina yatsala yoyera, nthawi zambiri ndiye kuti phase imodzi, kutanthauza magetsi a waya umodzi mwa mawaya atatu olowa m'mota, inkasowa mota ikuzungulirabe. Mavuto awiriwa mankhwala ake ndi osiyana. La phase limafuna amisiri a zamagetsi aone mafyuzi, contactor (swichi yolowetsa magetsi ku mota) ndi molumikiza mawaya, kenako aike phase failure relay yozimitsa mota phase ikangosowa.

Tiyerekeze kuti ndi kulemedwa, poti ndi kumene kumachitika kawirikawiri. Funso lotsatira ndi lakuti: nanga overload relay inali kuti? Ntchito yake ndi kuzimitsa mota isanapse. Tsegulani bokosi la sitata, yerekezani nambala imene yatcheredwa pa relay ndi ma amps (muyezo wa magetsi amene mota imakoka) olembedwa pa kachitsulo ka pamota. M'zigayo zambiri mudzapeza kuti wina anaipotokola mpaka kumapeto, kapena anailambalala ndi kawaya. Apa ndi pamene eni chigayo ambiri amalekera, n'kuchotsa mnyamata. Koma funsanibe: anachitiranji zimenezi? Chifukwa chigayo chinkangozima amayi ali pamzere ndi ndowa zawo, iye n'kumatukwanidwa. Nanga chinkazimiranji? Apa pasakhale zongoganiza. Bwerekani clamp meter, kachipangizo kopanira pa waya poyeza magetsi, muyeze ma amps pa waya uliwonse chigayo chikuzungulira chopanda kanthu, kenako chikugaya mgaiwa, kenako mphale.

Mphale ndiyo imavumbula zambiri. Ikabwera yosauma bwino itachoka koviikidwa, ufa umamata pa sefa, timabowo timatsekeka, zamkati sizituluka ndipo ma amps amakwera. Mahamala, zitsulo zomenya chimanga m'chigayo, akatha m'mphepete amangozungulitsa chimanga m'malo mochiphwanya, zotsatira zake n'zomwezo. Onaninso kumbuyo kwa mota: fumbi la ufa likatseka chivundikiro cha fani, mota imatentha ngakhale katundu ali wochepa. Ndiye pali kathiridwe. Ngati mnyamata mumamulipira potengera kuchuluka kwa ndowa zimene wagaya, mwamuuza nokha kuti azithira mothamanga ndipo asabweze kasitomala aliyense, ngakhale wa mphale yonyowa. Zikafika apa gwero lili pa kalipiridwe ndi malamulo anu, ndipo n'chifukwa chake anyamata awiri anachoka koma vuto linatsala. Zimawawa kumva, koma pafupifupi nthawi zonse mafunsowa akafunsidwa moona amathera pa tebulo la bwana.

Yankho lililonse likhale ndi umboni wooneka kapena woyezeka. "Kusasamala" si yankho, chifukwa simungakuyeze ndipo simungakukonze. Komanso mafunsowa muwafunse muli pachigayo pomwepo, limodzi ndi wogayitsayo, mutamutsimikizira kuti sachotsedwa chifukwa chonena zoona. Ku Toyota wantchito wamba ali ndi ufulu wokoka chingwe choitanira thandizo, ngakhale kuimitsa mzere wonse wa ntchito, akaona cholakwika. Mnyamata woopa kuchotsedwa amabisa kawaya kaja mpaka utsi utatuluka.

Mukapeza gwero, musasinthe zinthu zonse tsiku limodzi, chifukwa simudzadziwa chimene chathandiza. Gulani kope, mulembe tsiku lililonse ndowa zogayidwa, kangati relay yazimitsa, nthawi yanji, ndiponso chimene chinkagayidwa. Sabata ziwiri zokha zidzakuonetsani ngati vuto limabwera ndi mphale, masana kukatentha, kapena madzulo magetsi akafooka. Sinthani chinthu chimodzi, mwachitsanzo lamulo lakuti mphale yomata ikafinyidwa m'dzanja ikayanikidwe kaye, muyezenso sabata zina ziwiri. Zikatheka, lembani lamulolo pakhoma kuti aliyense wobwera kudzagwira ntchito alipeze, kenako mutenge chinthu chachiwiri. Ku Japan kusintha pang'onopang'ono kosalekezaku amakutcha kaizen, ndipo zipatala zina za boma kuno kwathu zinaphunzira njirayi mothandizidwa ndi JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza mayiko ena.

Pakhomapo onjezaninso izi. Chivundikiro cha fani chipukutidwe tsiku lililonse poweruka, magetsi atazimitsidwa. Malamba asinthidwe onse pamodzi, osati limodzi lokha, chifukwa latsopano limasenza katundu lokha n'kutha msanga. Pokunga, lamba lizilowa pafupifupi mamilimita 16 mukalidina pakati ngati kutalika kwake pakati pa mapule ndi mita imodzi. Kukungitsitsa kumapha beyaringi. Gilisi wochuluka nayenso amatenthetsa beyaringi. Mahamala atembenuzidwe kapena kusinthidwa onse nthawi imodzi kuti chigayo chisanjenjemere. Amisiri a zamagetsi abwezere relay pa nambala yoyenera motayo potengera ma amps a pakachitsulo kaja, bokosi likiyidwe, kiyi musunge ndinu. Tumizani chithunzi cha kachitsuloko ndi cha mkati mwa bokosi, tione ngati relay imene ilipo ndi ya saizi yoyenera motayo.