Za kanyumba ka makasu kaja

Eee, asuweni, ndaumva uthenga wanu. Mukuti mugule waya wotalika bwanji kuti kanyumba ka makasu kaja kasanduke khola. Waya? Inuyo? Ndimakudziwani ine, ndalama ya anapiye munapereka kale, mukungofuna wina akuuzeni kuti onse 100 akwanamo.

Tadikirani kaye. Mukukumbuka amalume a ku Santhe, chaka chija anasiya fodya? Anatenga chigafa... ayi, si chigafa, kanali kakhitchini ka kuseri kaja, komwe agogo ankaika mitsuko. Anaikamo nkhuku 80. Ndiye poti mu Juni kuno ku Kasungu kumazizira, iwo anamata mipata yonse ndi dothi, zenera n'kutseka ndi thumba la feteleza, ati nkhuku zingamve chisanu. Mwezi sunathe, utuchi pansi unali chinyontho chokhachokha. Ukalowa, fungo la zitosi limachita kuluma m'maso, nkhuku kumangotsokomola, mamina chuchuchu. Akazi awo anawauza kangati? Kufika Okutobala, chitopa chija chinalowa m'mudzi. Iwo kuthamangira katemera nkhuku zitayamba kale kupinda makosi ndi kuchita zitosi zobiriwira. Katemera sachiza, asuweni, amangoteteza. Zinatsala 6. Koma amalume ndimawapatsa ulemu, sanagwe mphwayi. Anagumula khoma mbali ziwiri, n'kukhoma waya, anayambiranso ndi zochepa, mpaka lero mazira a pa Khirisimasi timadya a kwa iwo.

Ndiye inu... kanyumba kanu kaja ndi mamita 3 m'litali, 2 m'lifupi, eti? Nkhuku zazikulu zimafuna zitatu kapena zinayi pa sikweya mita. Ndiye kuti 20 basi. Panopa ndi tianapiye, tikwana, koma pakatha masabata 8 zidzayamba kupondana ndi kujomphana.

Tulutsani kaye Actellic ndi feteleza yense, kolopani, pakani laimu. Makoma awiri ataliwo muwagumule, musiye la m'munsi lofika m'chiuno. Pamwambapo waya wa maso aang'ono, chifukwa wa maso akuluakulu makoswe ndi nyenga zimadutsa. Aa, waya munafunsa uja, mamita 7 akwana. Pansi tsinderani bwino, simenti ikapezeka ndiye bwino kwambiri, kenako thirani makoko a mtedza kapena utuchi wouma wokuya masentimita 10. Muzitembenuza, ponyowa muzichotsa tsiku lomwelo. Mitengo yogonapo, nkhuku iliyonse masentimita 25, bokosi loikira mazira limodzi pa nkhuku zisanu. Pamalata yalani udzu, kutentha kwa Okutobala kumazilepheretsa kuikira. Pakona muike beseni la phulusa zizisambamo, utitiri umachepa. Katemera wa chitopa, wotchedwa I-2, ndi dontho limodzi m'diso, miyezi itatu kapena inayi iliyonse, alangizi a ziweto akusonyezani kathiridwe.

Koma nkhani yanga ndi ya 20 ija, asuweni. Kanyumbako sikatenga 100, ngakhale mutagula waya wa sitolo yonse. Otsalawo gawanani ndi achemwali a ku Chamama, khola lawo lili ndi malo.

Musandiseke, ndikubwerezanso: 20 basi, ndipo mpweya uzidutsa mbali zonse ziwiri, ngakhale mu Juni. Loweruka ndibwera ndi nyundo, musayambe kugumula ndisanafike, khoma la kum'mawa lija ndi limene lanyamula denga.